Ufulu Wobwereka

Msodzi wa ku Feira, kumene Luangwa athira m'Zambezi, amapalasa bwato nthawi imene afuna. Anyamata akumeneko opita ku Lusaka kukayendetsa magalimoto oitanidwa pa foni, monga a Yango, amayesa kuti apeza ufulu womwewo. Koma ufulu wosalembedwa m'lamulo ngwobwereka. Mwini kampani angaulande tsiku liri lonse.

Lamulo la nchito la 2019 liteteza olembedwa nchito; woyesedwa wodzilemba yekha atsala kunja. Ena ati kumteteza ndiko kummanga. Bodza! M'caka ca 2021 bwalo lalikulu la ku Britain linaweruza kuti oyendetsa a Uber ndi anchito, oyenera malipiro ndi chuthi, ndipo iwo asankhabe okha nthawi yao. Tsono Nyumba ya Malamulo ilembe poyera: wokana ulendo asalangidwe, wodikira ulendo alipidwe.