Mukutiseka Poonera Ballet, Nanga Wovina wa ku Chadiza Mumamulipira Zingati?

Pali anthu amene sakondwa akationa tikuthera ndalama za intaneti pa mavidiyo a ballet ndi a mipikisano yovina pa madzi oundana. Amati tatayika, tikutengera za azungu. Amafunsa monyoza kuti mwana wa ku Chadiza, kumene madzi oundana timangowaona mu fuliji ya pa golosale, akufunanji kwa anthu otsetsereka ku Japan ndi ku Canada. Akatero amamaliza ndi mawu awo aja okoma m'kamwa akuti, "Ife tili ndi magule athu." Chabwino, tamva. Nafenso tili ndi funso: magule anuwo, owavina mumawalipira zingati?

Tiyambe ndi chimene chimatikoka, poti otisekawo sanatifunsepo. Pa mipikisano ya pa madzi oundana pali kudumpha kotchedwa axel, dzina lochokera kwa Axel Paulsen wa ku Norway amene anakuonetsa mu 1882. Pa kudumpha kwina konse munthu amanyamuka akutsetsereka chafutambuyo, koma pa axel amanyamuka akuyang'ana kutsogolo n'kukatera chafutambuyo, ndiye pamawonjezeka theka la kuzungulira. Mu Seputembala 2022, ku Lake Placid ku America, Ilia Malinin, mnyamata wa zaka 17, anakhala munthu woyamba kuchita axel wozungulira kanayi ndi theka pa mpikisano. Thupi lonse linazungulira kanayi ndi theka m'malere sekondi imodzi isanathe, n'kutera ndi mwendo umodzi pa kachitsulo kopyapyala ka mamilimita pafupifupi 4. Ukaonera koyamba umangogwira pakamwa. Ukabwereza kachisanu, vidiyo ikuyenda pang'onopang'ono, m'pamene umaona mmene bondo lapindikira asananyamuke, mmene manja akokedwera pachifuwa kuti liwiro lichuluke, ndi mmene mwendo winawo watambasukira potera kuti kuzungulirako kuime.

Ku ballet nakonso n'chimodzimodzi. Mu Swan Lake, gule amene anaonetsedwa koyamba ku Moscow mu 1877 ndi nyimbo za Tchaikovsky, pali pamene wovina wamkazi amazungulira ka 32 akukwera pa nsonga za zala za phazi limodzi, mwendo winawo ukukwapula mphepo ngati chikoti. Amene anazolowetsa zimenezi ndi Pierina Legnani wa ku Italy, ku St Petersburg mu 1895. Yang'anitsitsani mutu wake wovinayo. Thupi likamazungulira, maso amatsalira pa malo amodzi, kenaka mutu umatembenuka mwachangu kukapezanso malo omwewo, kuti asachite chizungulire. Ndipo kumbuyo kwake kumakhala atsikana ambirimbiri ovala zoyera, amene amakweza mkono nthawi imodzi ngati akupuma ndi chifuwa chimodzi.

Zimenezi sizinagwe kumwamba. Mu 1661 mfumu Louis XIV ya ku France, yomwe nayonso inkavina, inakhazikitsa Académie Royale de Danse ku Paris. Mu 1738 ku St Petersburg kunatsegulidwa sukulu yovina yomwe ilipobe mpaka lero, yotchedwa Vaganova Academy. Mwana amalowako ali ndi zaka pafupifupi 10 n'kuphunzira tsiku ndi tsiku mpaka atakula. Wovina wa ku Paris Opera amalandira malipiro a pamwezi, ndipo akafika zaka 42 amapuma ndi penshoni. Ku mipikisano ya pa madzi oundana, kudumpha kulikonse kuli ndi dzina ndi mapointi ake, ndipo oweruza amawonjezera kapena kuchotsa kuyambira pa -5 mpaka pa +5 malinga ndi mmene munthu wachitira. Njira yopereka mapointi pa kudumpha kulikonse inabwera mu 2004, pambuyo pa mkangano wa pa Olimpiki ya 2002 ku Salt Lake City, pamene anthu anakana chigamulo cha oweruza mpaka Jamie Salé ndi David Pelletier a ku Canada anapatsidwanso mendulo ya golide. Oonerera anakwiya chifukwa ankadziwa kuonera. Chimene timasirira ife n'chimenechi: dziko limene linaona kuti kuvina ndi ntchito, n'kuimangira sukulu, kuiikira malipiro, ndi kusunga mayina a oigwira. Mpaka lero dzina la munthu amene anadumpha mu 1882 likutchulidwa pa mpikisano uliwonse.

Tsopano tibwerere kwathu. Aliyense amene anakulira m'dera la Mfumu Mlolo, Mfumu Zingalume kapena Mfumu Mwangala anaonapo Makanja akulowa m'bwalo, wamtali kufika pa denga la nyumba, akuvina pa nthaka ya fumbi ndi zigumugumu imene palibe anaisalaza. Anaonapo Gologolo akusewera pamwamba pa mtengo, pansi popanda matiresi. Anamvapo woimba mbalule akutsata mapazi a wovina phazi ndi phazi, mpanje ndi mbandambanda zikugwira maziko, mpaka sudziwanso ngati ng'oma ikutsogolera phazi kapena phazi likutsogolera ng'oma. Anaonapo amayi a chimtali atazungulira ng'oma, chiuno chikudula pamene mapewa ali phee, ndiponso amayi a chitelele akulukana mawu ndi kuwomba m'manja popanda woima kutsogolo ndi kamtengo. Munthu amene anazolowera kuyang'ana bondo la Malinin akaona zimenezi sangazitche zamasewera. Amadziwa kuti pamenepo pagona zaka zambiri za kuphunzira, kugwa ndi kudzuka. Luso lilipo ku Chadiza, ndipo silichepa.

Nanga ulemu wake uli kuti? Tonse tinakhalapo pa misonkhano ya ndale, pa zikondwerero za pa 24 Okutobala, pa mwambo wotsegulira mjigo kapena kalasi yatsopano. Pa bajeti pamakhala mahema, mipando, zokuzira mawu, mafuta a galimoto ndi alawansi ya akuluakulu. Ovina amatengedwa pa lole m'mamawa, n'kukhala padzuwa kudikira mlendo wolemekezeka amene wachedwa maola atatu. Akangoyamba kutenthetsa bwalo, wotsogolera mwambo amawadula ndi maikolofoni kuti nthawi yatha, mlendo ali ndi msonkhano wina. Madzulo amabwerera kwawo ndi botolo la zakumwa, mwina ndi chitenje cha nkhope ya wina. Mwini zokuzira mawu walandira zake zonse, chifukwa iye anatchula mtengo. Mayi amene anasiya dimba lake tsiku lonse wauzidwa kuti "zikomo posunga chikhalidwe chathu." Zikomoyo sagula feteleza. Ndipo okonza misonkhano imeneyi ndi omwe aja amatiuza kuti ife tilibe chikondi pa zakwathu.

Tikukumbukiranso zimene zinachitika mu 2018. University of Zambia, mothandizidwa ndi UNESCO, itakonza zoyambitsa digiri ya kasungidwe ka miyambo ndi chikhalidwe, pa Facebook panadzaza nthabwala zoti UNZA yayamba kuphunzitsa ufiti. Imeneyo inali nthawi imene magule athu akanalowa m'kalasi ya yunivesite ngati mmene ballet inalowera kwawo zaka mazana apitawo, koma ambiri anasankha kuseka. UNESCO inalengeza kale mu 2005 kuti Gule Wamkulu wa Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique ndi chuma cha anthu onse a pa dziko, chaka chomwecho pamodzi ndi Makishi. Mawu amenewa timawatchula monyada pa mwambo uliwonse. Koma pitani mukafunse mkulu amene amasema ng'oma kumudzi kwanu ngati kunyadako kunamugulirapo chikopa chimodzi.

Tikudziwa yankho limene likubwera: Gule Wamkulu si malonda. Pamenepo tikuvomereza ndi mtima wonse. Za kudambwe zili ndi eni ake, ndipo sitizikamba pa intaneti. Chilombo chilibe chitupa, ndipo palibe munthu wamaganizo abwino angakhazike oweruza ndi mapepala patsogolo pa Kasiyamaliro pa maliro a mfumu kuti apereke mapointi. Gule akatuluka pa maliro, pa chinamwali kapena polonga ufumu, ali pa ntchito ya mudzi, ndipo mudzi umadziwa malamulo ake. Koma inu mukamuchotsa pamenepo n'kumukweza pa lole kuti akasangalatse mlendo wanu, mwamulemba ntchito. Wolemba ntchito amalipira. Ndiponso makolo athu sankaonera gule ulele. Mwambo wa kusupa unalipo kale ife tisanabadwe: wovina akakufika pamtima, umadzuka n'kukaponya kanthu. Amene akubisala kumbuyo kwa mawu akuti "mwambo" kuti asalipire ndi amene akuphwanya mwambowo. Komanso amayi a chimtali, oimba ng'oma ndi osema ng'oma si zilombo. Ndi anthu a mayina, a ana a pasukulu, ndipo mayina awo angathe kulembedwa ndi kutchulidwa.

Sitikunena kuti zonse za kunja n'zoyera. Kwa zaka zambiri ovina akuda ankapaka okha utoto nsapato zawo za ballet kuti zifanane ndi khungu lawo, mpaka mu 2018 pamene kampani ya Freed of London, mogwirizana ndi gulu la Ballet Black, inayamba kupanga zofiirira. Pa Olimpiki ya 2022 ku Beijing dziko lonse linaona Kamila Valieva, mtsikana wa zaka 15, akugwa ndi kulira pakati pa nkhani ya mankhwala oletsedwa, ndipo chaka chomwecho bungwe loyang'anira masewerawa linagamula zokweza msinkhu wa opikisana mpaka zaka 17. Kuzunza ana chifukwa cha mendulo sitikukufuna ku Chadiza. Tikufuna sukulu, malipiro ndi mayina. Ndipo kukonda zonse ziwiri n'kotheka. Dada Masilo, wobadwira ku Soweto, anaphunzira ballet, ndipo mu 2010 anapanga Swan Lake yakeyake, ovina ake osavala nsapato, akuphatikiza ballet ndi mavinidwe a kwawo. Anazungulira nayo mayiko ambiri asanamwalire mu Disembala 2024 ali ndi zaka 39. Palibe anamuuza kuti asankhe chimodzi n'kumumvera.

Ndiye tikufuna chiyani? Choyamba, aliyense woitana ovina aike mtengo wawo pa bajeti, pa mzere womwewo ndi mahema ndi zokuzira mawu, ndipo agwirizane ndi atsogoleri a gululo tsiku lisanafike. Magulu nawo aphunzire kukana. Lole ikabwerera yopanda munthu kawiri, kachitatu ibwera ndi envulopu.

Chachiwiri ndi cha aliyense wokhala ndi foni. Mukajambula chimtali n'kuika pa TikTok kapena pa Facebook, lembani dzina la gulu ndi la mudzi, ndipo eni ake akalola, dzina la woimba ng'oma. Mawu akuti "za kumudzi" ndi kankhope koseka si dzina la munthu. Pa Gule Wamkulu, pemphani kaye kwa akuluakulu, ndipo akakana bwezani foni m'thumba.

Chachitatu ndi ndalama za CDF. Mu 2022 zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu, ndipo mapempho ake amayambira m'makomiti a chitukuko a m'mawodi. Milatho, makalasi ndi zipatala n'zofunika, palibe akutsutsa. Koma pa ndalama zonsezo, holo imodzi ya simenti yosalala, ya kachipinda kosungiramo ng'oma, singagwetse boma la Chadiza. Inu a ku Chawama, Kanyama, Mtendere ndi Kapata amene kwanu ndi ku Chadiza, mukamaimbira foni amalume kufunsa za mvula, afunseninso kuti komiti ya m'wodi mwawo ikumana liti, ndipo athandizeni kulemba pempholo.

Chachinayi ndi sukulu. Mipikisano ya NASAAZ ilipo, ndipo ana amaikonda. Koma kuphunzira gule sabata ziwiri mpikisano usanachitike sikungatulutse katswiri. Mkulu wodziwa mbalule kapena mayi wodziwa chimtali aziitanidwa kusukulu sabata iliyonse, ndipo azilipidwa ngati mphunzitsi, chifukwa ndi mphunzitsi. Akuluakuluwa akutha mmodzimmodzi, ndipo akapita amapita ndi zonse zimene zili m'manja mwawo.

Chomaliza, tiyeni tikweze kaoneredwe. Loweruka lomaliza la Ogasiti, mafumu a Achewa a mayiko atatu akamakalamba kwa Kalonga Gawa Undi ku Mkaika ku Katete, pitani ndi maso omwe aja mumawerengera nawo kuzungulira kwa pa madzi oundana. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsatirani ng'oma imodzi mpaka nyimbo ithe. Yang'anani mapazi. Funsani agogo amene ali pafupi nanu dzina la chimene mukuona ndi phunziro lake. Gulu likavina bwino, dzukani mukasupe ndi ndalama yooneka, yoposa imene munagulira intaneti ya tsikulo. Ife tidzakhala komweko, ndipo tikabwerera ku tauni tidzapitiriza kuonera Swan Lake popanda kupepesa kwa munthu.