TIKAMBE ZA PAMSIKA: Mapulofesa, tsikani kuno kumsika

Abale anzanga a pamsika, sabata ino ndili ndi mlandu ndi aphunzitsi a m'mayunivesite athu, aja timawatchula kuti madokotala ndi mapulofesa.

Yunivesite ya Malawi inatsegulidwa mu 1965, ndipo kuyambira pamenepo yakhala ikudya ndalama za msonkho. Msonkhowo ndi wanu. Mukapikula sopo ku holoselo, boma latapapo kale zake. Tsono nzeru zimene mumalipirirazi zimafika liti pa benchi yanu?

Asatinamize kuti n'zosatheka ayi. Mu 1981 a Chris Kamlongera ndi ophunzira a ku Chancellor College anapita ku Mbalachanda, m'boma la Mzimba, kukachita zisudzo za chitukuko ndi anthu akumudzi. Pambuyo pake anakachitanso zomwezo m'midzi ya ku Liwonde pa nkhani za umoyo ndi ukhondo. Imeneyo inali nthawi ya chipani chimodzi, pamene mphunzitsi mnzawo, a Jack Mapanje, anatsekeredwa ku Mikuyu kuchokera 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu.

Mu 2011 mkulu wa polisi, a Peter Mukhito, anaitanitsa a Blessings Chinsinga chifukwa chokamba m'kalasi za kusowa kwa mafuta ndi ndalama zakunja. Aphunzitsi ananyanyala ntchito pafupifupi miyezi 8, ati akufuna ufulu wophunzitsa mopanda mantha. Anachita bwino. Koma ufuluwo ngothera m'kalasi basi?

Kolera ya 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700. Tomato akuolera m'madengu. Katapila akutha mipamba ya amayi. Mayankho ena alipo, koma anawalemba m'Chingerezi chakuya n'kuwatsekera mu laibulale.

Chimene timaona kuno ndi ana asukulu onyamula mapepala: mayi mumapeza zingati patsiku, mumataya kuti zinyalala? Mukayankha, ulendo, osadzaonekanso. Mnzanu wavala gauni, inu mukadali pa dzuwa.

Ndiye mverani kuno, a komiti ya msika. Akabweranso, alandireni bwino, koma afunseni dzina la mphunzitsi amene wawatuma, ndipo mugwirizane tsiku loti mwini wakeyo adzabwere kudzafotokoza zimene apeza, m'Chichewa, pamaso pa onse. Akakana, nanunso muli ndi makasitomala oti muwasamale.

Ndipo inu a pulofesa, mukabwera musadzangophunzitsa. Mayi amene wasunga mpamba wake zaka 20, kwacha ikugwa chaka ndi chaka, ali ndi zoti akuuzeni. Paja mutu umodzi susenza denga.

Tionane sabata yamawa.