Pa bolodi yanu ya mapemphero, lembanipo ndi maina a ena

"Nizakupempherera." Mau awa timawalemba msanga maningi pa WhatsApp. Mnzathu akalemba m'gulu kuti amai ake agonekedwa ku UTH, timatumiza kachithunzi ka manja ogwirana, wina aika "Amen", nkhani yathera pomwepo. Pofika madzulo uthengawo uli pansi pa mauthenga a mpira ndi a chilimba, ndipo palibe akukumbukira dzina la odwala. Si kuipa mtima ai. Foni imakwirira zinthu.

Nchifukwa chake ine ndimaikira kumbuyo bolodi ya mapemphero, ija achinyamata ayamba kupanga ataiona pa TikTok ndi Pinterest. Kuno ku Kamwala siifuna ndalama. Makatoni ali mbwee kumashopu madzulo akamatseka, kansalu kotsala ka chitenge mungapemphe kwa atelala a ku Luburma, ndiye muonjezepo mapini ndi timapepala. Siifuna bando, siifuna kutchaja. Amene akumbukira 2024, pamene madzi anachepa ku Kariba ndipo malaiti anali kupita pafupifupi tsiku lonse, adziwa phindu la chinthu chosadalira batire.

Koma zambiri zimene ndikuona pa intaneti zandikhumudwitsa. Munthu wamata chithunzi cha galimoto, nyumba ya ku Kabulonga, ndege yopita ku Dubai, pakati kavesi kamodzi kokongoletsera. Imeneyo ndi lisiti ya zogula. Musandimve molakwa: mtsikana amene anamaliza Grade 12 zaka zitatu zapitazo ndipo akali kukhala m'kabuthi ka mobile money kuyambira m'mawa mpaka mdima ali ndi ufulu wonse wopempha Mulungu nchito yabwino. Alembe, asachite manyazi. Funso langa nlakuti pa bolodiyo pali ndani wina kupatulapo mwini wake.

Ine ndinganene kuti theka la malo likhale la anthu ena. Amai aja a ku UTH. Mng'ono wanu amene akulemba mayeso. Aneba amene renti yawakanga ndipo katundu wao watsala pang'ono kutayidwa panja. Palinso anthu amene sitiwadziwa maina koma tili nao pafupi: ku Kamwala Remand kuli anyamata a msinkhu wathu amene akudikira kuti milandu yao ikambidwe, ndipo ife timadutsa pafupi osaganizirapo. M'January 2024 kolera itavuta, Heroes Stadium inasanduka chipatala ndipo masukulu anachedwa kutsegulidwa mpaka February. Mvula ikayandikira, Kanyama ndi Chawama ziyenera kukhala pa bolodi ya aliyense.

Chinthu chachikulu pa kapepala kalikonse ndi deti. Lembani tsiku limene mwayamba kupempherera nkhaniyo. Deti imathandiza kuona zimene zayankhidwa, chifukwa tikapeza chimene tinali kulirira timaiwala kuti tinaliliranso. Koma imachita china chowawa: dzina likakhala pamenepo masabata atatu, limayamba kukuyang'anani. Mwapemphera, inde, nanga mwapitako? Basi ya ku UTH simuidziwa? Mnzanu wofuna nchito uja mwamuthandiza kulemba CV? Anthu ena amati bolodi imasandutsa pemphero kukhala ngati rejisitala ya kusukulu. Ine ndiona kuti rejisitala yotereyi ikufunika, popeza lonjezo lopanda polembapo limasungunuka.

Ndipo timapepala tosayankhidwa musatichotse mobisa ngati kuti Mulungu mukumubisira manyazi. Ena amene timawapempherera amamwalira. Zikatero, kapepalako kasunthireni pakona, pamalo pake mulembepo maina a ana amene atsala.

Dziko lathu lili ndi mapemphero ambiri a pagulu. A Chiluba analengeza pa 29 December 1991 kuti Zambia ndi dziko lachikhristu, ndipo kuchokera mu 2015, nthawi ya a Lungu, 18 October ndi tsiku la mapemphero. Limenelo ndi tsiku limodzi pa chaka, lokhala ndi makamera. Masiku ena onse amadalira mphindi zisanu zija musanathamangire basi, mutu uli kale kutauni. Maso akagwa pa maina, pakamwa sipasowa chonena.

Chenjezo lilipo, ndipo kwa ife a m'komboni ndi lalikulu. Ambiri tikhala m'chipinda chimodzi chogawa ndi katani, mmene mumalowa alendo, ana a alandilodi, aneba obwereka mchere. Mukalemba poyera kuti uje ali ndi mimba kapena uje wayamba kumwa ma ARV, mwatsegula wailesi ya miseche, ndipo munthu amene anakuuzani mokukhulupirirani ndiye adzavutika. Lembani chilembo choyamba chabe, kapena mau amodzi amene inu nokha mungamve. Kuijambula nkuiika pa status musayese. Mateyu chaputala 6 amachenjeza za kupemphera kuti anthu akuoneni. Malo abwino ndi kuseri kwa chitseko kapena mkati mwa chitseko cha wadilopu. Ngati mukhala awiri m'chipinda, dulani katoni pakati, aliyense akhale ndi yake.