Mabwato a chinjoka ndi ndalama za ovutika

Chaka chilichonse, pa tsiku lachisanu la mwezi wachisanu potsata kalendala yakale ya ku China, lomwe limagwa kumapeto kwa Meyi kapena mu Juni, anthu a dzikolo amakhamukira kumitsinje kukaonerera mpikisano wa mabwato aatali okhala ndi mutu wa chinjoka kutsogolo ndi mchira kumbuyo. Mwambowu ndi wokumbukira Qu Yuan, nduna ndiponso mlakatuli wa ufumu wa Chu, amene adadziponya mu mtsinje wa Miluo m'chaka cha 278 Yesu asanabadwe, atamva kuti likulu la dziko lake lagwa m'manja mwa adani. Amati anthu adathamangirako ndi mabwato, akuimba ng'oma ndi kuponya mpunga m'madzi kuti nsomba zisadye mtembo wake.

Chimene tikulembera za mwambowu n'chakuti masiku ano mabwatowa asanduka njira yopezera ndalama kwa mabungwe othandiza odwala ndi ovutika ku Britain, Canada, America ndi Australia. Atsogoleri a Chipani m'maboma ndi m'madera, pamodzi ndi ogwira ntchito m'Boma, ndiwo kawirikawiri amaikidwa m'makomiti osonkhetsa ndalama za chitukuko. Choncho ayenera kudziwa chimene chimapindulitsa njira imeneyi, ndiponso pamene imatayira.

Mpikisanowu udayamba kufalikira kunja mu 1976, pamene Hong Kong idaitana opalasa a kunja kuti adzapikisane ndi asodzi akumeneko. Mu 1986 mabwato ochokera ku Hong Kong adafika ku Vancouver, ku Canada, pa chionetsero chachikulu cha chaka chimenecho, ndipo mu 1991 padakhazikitsidwa bungwe loyendetsa masewerawa padziko lonse. Bwato lalikulu limatalika pafupifupi mamita 12. Mumakhala opalasa 20 awiriawiri, woimba ng'oma kutsogolo, ndi woongolera kumbuyo. Mpikisano wa tsiku lachifundo ndi waufupi, wa mamita ochepa chabe poyerekeza ndi ulendo wa msodzi, ndipo munthu amene sadagwirepo nkhafi amaphunzitsidwa m'mawa n'kupikisana tsiku lomwelo.

Phindu lagona pamenepa. Banki, fakitale, sukulu kapena mpingo umasankha anthu ake kuti adzaze bwato limodzi, n'kulipira ndalama yolowera. Kenaka wopalasa aliyense amapita kwa abale ake, anzake a kuntchito ndi oyandikana nawo nyumba kukapempha kuti alonjeze kangachepe chifukwa cha thukuta limene akakhetse. Tiyerekeze kuti pali mabwato 30, lililonse la opalasa 20. Amenewo ndi anthu 600 osonkhetsa ndalama popanda malipiro. Aliyense akapempha anthu khumi okha, opereka akwana 6,000. Komiti yokhala muofesi kulemba makalata kwa makampani asanu omwe omwewo chaka ndi chaka singafikire anthu ochuluka chotero. Ku Britain magulu a Rotary akhala akukonza mipikisano yotere m'matauni ambiri, ndipo nthawi zambiri timu iliyonse imaloledwa kusankha yokha bungwe limene ikufuna kuthandiza.

Palinso phindu lina losawerengeka pa ndalama. Kale madokotala ankalangiza amayi amene achitidwa opaleshoni ya khansa ya m'mawere kuti asamagwiritse ntchito mikono yawo mwamphamvu, poopa kuti ingatupe. Mu 1996 Dr. Don McKenzie wa ku University of British Columbia adasonkhanitsa amayi 24 otere ku Vancouver, adawaphunzitsa kupalasa pang'onopang'ono, ndipo adawalowetsa mumpikisano. Kutupa kumene ankaopa sikudabwere. Gulu lawo, lotchedwa Abreast In A Boat, lidabala magulu ena m'maiko ambiri, kotero kuti pamsonkhano wawo wa ku Florence, ku Italy, mu 2018 padafika magulu oposa 100. Amayi amene anthu ankangowamvera chisoni adakwera okha m'bwato, ndipo iwo eni ndiwo amauza anzawo pagombe kuti akayezetse msanga.

Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mabwato sabwera ulere. M'maiko amenewa pali makampani amene ntchito yawo n'kubwereketsa mabwato, nkhafi, oongolera ndi opulumutsa anthu pamadzi, ndipo amafuna malipiro awo kaya mvula igwe kaya anthu asabwere. Onjezani inshuwalansi, matenti, zokuzira mawu, zimbudzi ndi zikho za opambana. Ndi chifukwa chake okonza anzeru amalekanitsa matumba awiri: ndalama yolowera ndi ya makampani othandiza ndiyo imalipira zokonzekera, pamene ndalama ya malonjezo imapita yonse kwa odwala. Matumba awiriwa akasakanizika, chikondwerero chimadya ndalama za amene chidakonzedwera, ndipo khamu limabwerera kunyumba likuyesa kuti lathandiza.

Apa ndi pamene nkhaniyi ikutikhudza. Kwathu kuno tili ndi njira zathu: maulendo apansi a ndawala, madansi a usiku m'mahotela, mipikisano ya gofu, ndi mapepa Sande m'mipingo. Ambiri a ife taonapo mwambo wotere. Mlendo wolemekezeka amalankhula, wolengeza amatchula ndalama zimene "zapezeka", anthu amaomba m'manja. Patapita miyezi itatu, palibe amene anganene kuti pa ndalamazo zingati zidali malonjezo apakamwa chabe, zingati zidathera mafuta a galimoto, malaya olembedwa ndi ndalama za chakudya cha a komiti, ndipo zingati zidagula mabulangete. Wofunsa amaoneka ngati wamwano. Ife tikuti wofunsayo ndiye akutumikira Chipani, chifukwa ndalama zikasowa m'manja mwa wapampando wa dera kapena kalaliki wa Boma, anthu a m'mudzi satchula dzina la munthuyo. Amati Boma ladya, Chipani chadya, ndipo chaka chamawa sasonkhanso.

Ngati ena mwa atsogoleri a ku Mangochi, Salima, Nkhotakota kapena Nkhata Bay angaganize zoyesa mpikisano wa mabwato kuti athandize chipatala cha kwawo, sitikuwaletsa. Sitikuona chifukwa choitanitsira mabwato a chinjoka kunja pamene asodzi athu ali ndi mabwato awo ndipo nkhafi adaidziwa ali ana. Koma asatengere tsiku la ku China, pakuti Juni ndi nyengo ya mwera, ndipo msodzi aliyense akudziwa zimene mphepo imeneyi imachita panyanja yathu. Madzi alibe chibale ngakhale kwa eni mwambowu: mu Epulo 2018 anthu 17 adafa ku Guilin, ku China, mabwato awiri atagubuduka pokonzekera mpikisano. Aliyense wokwera avale jekete loyandamitsa, boti la injini likhale pafupi, ndipo malowo asankhidwe ndi anthu odziwa kumene kuli mvuu ndi ng'ona.

Chachikulu chimene tikupempha, kaya ndi mabwato, ndawala kapena dansi, n'chakuti komiti isanalandire tambala yoyamba ilembe zonse zimene idzawononge ndi kumene ndalama zake zidzachokere. Msungichuma asakhale wachibale wa wapampando, ndipo wopereka aliyense alandire lisiti. Pasanathe masiku 30 mwambo utachitika, pepala loonetsa zolowa, zotuluka ndi zotsala likhomedwe pabolodi ya ofesi ya DC ndi pachipata cha chipatala chothandizidwacho, litasainidwa ndi woyang'anira chipatalacho kuti katundu wafikadi. Nyuzipepala ino ndi yokonzeka kusindikiza mapepala otere kwaulere, ndipo alembi a Chipani m'maboma angathe kuwatumiza kwa Mkonzi.