Nati Ikamasuka, Musadikire Bambo

Sabata ino tisiyeko kaye za kuphika ndi kusoka, tikambirane za kanthu kakang'ono kamene ambiri a ife timakapeputsa poganiza kuti ndi nkhani ya amuna. Ndikunena nati ndi bawuti, tizitsulo tija timamanga njinga, makina osokera, mjigo ndi galimoto.

Mwezi wathawu ndidakacheza kwa alamu anga kufupi ndi Nsanama. Amuna awo ali ku Joni chaka chachitatu tsopano, monga alili abambo ambiri a kuno ku Machinga, ndipo pochoka adawasiyira njinga yakapalasa. Njinga imeneyo ndiyo imapita kuchigayo, kumsika ndi kuchipatala. Tsono idayamba kulira gwedegwede kumbuyo, koma alamu anga ankangoti, "Bambo akadzabwera adzaiona." Tsiku lina mnyamata wawo wachisamba adakweza thumba la mpunga kuti akagulitse ku Ntaja. Ali pamtsetse, nati ya kaliyala idagwa, mwendo wa kaliyala nkulowa m'masipoko. Mnyamatayo adagwa nasupuka bondo ndi chigongono, thumba lidaphulika, ndipo gudumu lidapindika. Usiku womwewo kamwana kawo kakang'ono kadatentha thupi kwambiri. Popeza njinga idali itafa, mayiwo adakabereka kumsana nayenda pansi mu mdima mpaka kuchipatala. Mwamwayi mwanayo adachira. Koma zonsezi zidayamba ndi nati imodzi imene ikadamangidwa m'kanthawi kochepa kuposa kamene timatenga kupala moto.

Poyamba tidziwe chimene chimamasula nati. Bawuti ndi nati zimagwirana ndi mazinga, mizere yozungulira ija imene mumaiona pa bawuti. Mukamanga nati bwino, bawuti imatamuka pang'ono zedi, mosaoneka ndi maso, ndipo kukoka kwakeko ndiko kumapanikiza zitsulo pamodzi. Komabe pakati pa mazinga pamatsala timipata. Chitsulo chikamagwedezeka, nati imasuntha pang'onopang'ono m'timipata timeneti kufikira itamasuka. Ngati pansi pa nati padali utoto, dzimbiri kapena dothi, zimenezi zimaphwanyika pakapita masiku, ndipo nati imatsala yolendewera ngakhale palibe adaikhudza. Taganizirani misewu yathu yafumbi yolowera ku Nayuchi, ku Chikweo, ku Utale kapena ku Phimbi, mmene imakhalira mvula ikangotha. Njinga yonyamula matumba a thonje kapena dengu la nsomba za ku Chilwa pa msewu wotere imagwedezeka kosawerengeka pa ulendo umodzi wokha.

Choncho m'nyumba iliyonse muyenera kukhala zida zitatu: sipanala ya shifitingi imene imakula ndi kuchepa kukamwa, sikuludiraiva ndi pulayala. Zisungeni m'kachitini kakekake pamalo amodzi, pakuti chida chimene chimangoyendayenda m'manja mwa ana sichipezeka tsiku la vuto. Loweruka lililonse, mukatha kuchapa, imikani njinga pabwalo. Inyamuleni pang'ono ndi kuigwetsa pa matayala ake, mumvetsere pamene pakulira. Kenaka yesani manati a magudumu onse awiri, a mahandulo, a mabuleki, a chishalo ndi a kaliyala. Nati imamangika mukaipotokolera kumanja, monga titsekera botolo la mafuta ophikira. Koma pedulo ya kumanzere ndi yosiyana: mazinga ake ndi otembenuka, imamangika mukaipotokolera kumanzere. Adaipanga dala chomwecho kuti isamasuke popalasa, ndipo anthu ambiri adaononga mapedulo awo chifukwa chosadziwa zimenezi. Mangani mpaka nati italimba, koma osaikwerera ndi phazi, chifukwa mazinga akatha, nati imangozungulira osagwira. Musamange nati ndi pulayala kapena kuikhoma ndi msomali, pakuti makona ake amadyeka ndipo sipanala siidzagwiranso.

Pali manati ena ouma mutu, amene mungamange lero, mkuja amasukanso. Pa otere amisiri ali ndi njira zingapo. Ina ndi kuika washala yoduka mbali imodzi, yonga sipuling'i, pansi pa nati. Ina ndi kumanga manati awiri pa bawuti imodzi: mumagwira yapansi ndi sipanala imodzi, nkumangirira yapamwamba ndi sipanala inzake kuti zikanikizane. Aliponso manati okhala ndi kamkombero ka pulasitiki m'kati, amene amagwira mazinga mwamphamvu. Amenewa ndi abwino, koma mukawamasula kangapo kamkomberoko kamatha ntchito, ndipo ndi bwino kugula ena. Bawuti ikakhala ndi kabowo kunsonga, pamenepo pamalowa kapini kopinda miyendo. Kapiniko kakatayika, pisanipo waya wolimba kufikira mutapeza kena.

Njira imene amayi ambiri sadaimvepo ndi ya guluu wa mazinga. Amagulitsidwa m'timabotolo ting'onoting'ono m'masitolo a zipangizo za galimoto ndi njinga zamoto, ndipo amakaniko ambiri amangomutchula ndi dzina la kampani yotchuka ya Loctite, ngakhale alipo opangidwa ndi makampani ena. Adamutulukira m'chaka cha 1953 ndi mphunzitsi wina wa sayansi pa Trinity College mu mzinda wa Hartford ku America, dzina lake Vernon Krieble, ndipo adayamba kugulitsidwa mu 1956. Khalidwe la guluu ameneyu ndi lodabwitsa. Guluu wamba amauma akakhala pa mphepo, koma uyu amauma pokhapokha akasowa mpweya ali pakati pa zitsulo. Nchifukwa chake botolo lake silidzazidwa mpaka pakamwa: mpweya wotsalamo ndiwo umamusunga kuti akhalebe wamadzimadzi. Tsono musaganize kuti wogulitsa wakuberani, ndiponso musamutsanulire m'chitini chachitsulo. Akalowa m'mazinga amadzaza timipata tija nauma ngati pulasitiki, kotero nati imasowa posunthira. Amatsekanso njira ya madzi, ndipo dzimbiri silimera m'katimo.

Pogula muyang'ane mtundu wake. Wobiriwira ngati thambo, amene timati wabuluu, ndiye woyenera pakhomo, chifukwa amagwira bwino koma tsiku limene mwafuna kumasula, sipanala wamba imatha. Wofiira ndi wamphamvu koposa, ndipo kuti mumasule nati yomangidwa naye pafunika kuitentha ndi moto mpaka kufika madigiri pafupifupi 250. Ameneyu asiyireni amakaniko a mainjini. Pali wina wofiirira ngati duwa la mbatata, wofooka pang'ono, wopangira timasikuluwu tating'ono monga ta magalasi a m'maso. Makampani ena amasiyanitsa mitundu mwa njira yawo, choncho werengani zolembedwa pa botolo kapena funsani wogulitsa. Paja safunsa adadya phula.

Kagwiritsidwe ntchito kake nkosavuta. Masulani nati, tsukani mazinga ndi kamswachi kakale kuti dothi ndi dzimbiri zichoke, ndipo pukutani mafuta onse ndi kansalu konyowetsa ndi sipiriti. Dikirani paume. Gwedezani botolo, donthezani dontho limodzi kapena awiri pa mazinga pamene nati idzakhale, ndipo mangani nthawi yomweyo monga mwa masiku onse. Guluu salowa m'malo mwa sipanala, nati iyenera kulimba ndithu. Amayamba kugwira pakapita mphindi 10 mpaka 20, koma kuti alimbe kwathunthu pafunika maola 24. Ngati njinga ikupita kumsika Lachisanu, ikonzeni Lachitatu. Pa njinga, guluuyu ndi wothandiza pa mabawuti a kaliyala, a madigadi, a belu ndi a sitandi. Pa mapedulo ndi pa chitsulo cha chishalo pafunika girizi. Botolo lisungeni patali ndi ana, pamalo ozizira, ndipo guluu akakugwerani m'maso tsukani ndi madzi ambiri.

Kumudzi kumene guluu ameneyu sapezeka, kyutekisi wathu wopaka m'zikhadabo amathandiza pa timasikuluwu tating'ono, monga ta magalasi, ta wailesi kapena ta chivundikiro cha poto. Ameneyu ndi wongogwirizira, sangagwire nati ya gudumu. Supaguluu musamuyese nkomwe pa mazinga, chifukwa amauma msanga nati isanafike pamalo pake. Guluu wa mazinga nayenso asakhudze zinthu za pulasitiki, pakuti mapulasitiki ena amang'aluka naye. Pa thabwanso sagwira. Sikuluwu ya chitseko kapena ya kabati ikamangozungulira, ichotseni, pisani timitengo ta machesi tiwiri kapena titatu m'bowomo pamodzi ndi guluu wa matabwa, thyolani zotsala, ndipo mangani sikuluwuyo kachiwiri. Chitseko chimene chinkakhula pansi chidzaima bwino. Chogwirira cha sefuliya nacho chikayamba kugwedera, chimangeni tsiku lomwelo. Phala lowira likakhuthukira pa mwendo wa mwana, chipsera chake ndi cha moyo wonse.

Inu amayi a pa Balaka ndi pa Liwonde amene pakhomo panu pali galimoto kapena njinga yamoto ya kabaza, mvetsetsani apa. Pa manati a matayala a galimoto sipafunika guluu kapena mafuta. Amenewa amamangidwa ouma, modumphitsa: mukamanga iyi, mumapita ku yoyang'anana nayo, osati yoyandikana, kuti gudumu likhale mowongoka. Tayala likasinthidwa, manatiwo ayesedwenso galimoto itayenda makilomita pafupifupi 50, chifukwa gudumu limakhazikika poyenda ndipo manati amatha kufooka. Mukaona mizere ya dzimbiri ikuchokera pa nati, kapena mukamva kugogoda kumene kukutsatana ndi liwiro la galimoto, imani pambali msanga. Ngakhale simuyendetsa ndinu, muli ndi ufulu wouza woyendetsa kuti aime, pakuti ana ali m'galimotomo ndi anu. Pa njinga yamoto, guluu wabuluu ndi woyenera pa mabawuti a magalasi, a nambala ndi a popondera, amene amakonda kugwera m'njira. Za mabuleki ndi injini zipite kwa makaniko.

Sindingatsirize osanena za mjigo, popeza opita kumjigo m'mamawa ndife. Mijigo yambiri ya m'midzi yathu ndi ya mtundu wa Afridev. Mwina simudziwa kuti mjigo umenewu udabadwira kuno ku Malawi. Ntchito youpanga idayamba m'chaka cha 1981, ndipo woyamba, wotchedwa Maldev, adauyesera m'chigwa cha Livulezi ku Ntcheu, kwa anansi athu, ntchitoyo isanapitirire ku Kenya mu 1983. Cholinga cha amene adaupanga chidali chakuti anthu a m'mudzi, amayi omwe, azitha kuutsekula ndi kuukonza okha ndi zida zochepa. Pa chifukwa chimenechi, pa mjigo musathirepo guluu wa mtundu uliwonse. Manati ake ayenera kumasuka mosavuta nthawi yosintha mphira ndi timabushi ta pulasitiki, ndiponso madzi ake ndi akumwa. Chofunika ndi maso ndi makutu. Mpini ukayamba kugwedera cham'mbali, kapena mutu wa mjigo ukamanjenjemera popopa, uzani a komiti ya mjigo tsiku lomwelo kuti abwere ndi sipanala yawo. Letsaninso ana kumenyetsa mpini pansi ndi pamwamba. Timabushi tikatha anthu nkumapopabe, chitsulo chimadya chitsulo chinzake, ndipo chimene chikadakonzedwa ndi ndalama za m'thumba la komiti chimasanduka chopereka cha mudzi wonse, uku tikukatunga kudambo kumene kuli matenda otsekula m'mimba.

Ena adzati mkazi wogwira sipanala akulanda ntchito ya mwamuna wake. Ine ndikuti mwamuna wanzeru amakondwa akabwera kuchokera kuulendo napeza katundu wake ali bwino. Ngati bambo alipo pakhomo, apempheni mwaulemu kuti akuonetseni, ndipo pophunzirapo muitane ana aakazi ndi aamuna omwe. Ngati ali kutali, pitani kwa wokonza njinga pamsika, mumulipire kangachepe, ndipo muime pomwepo kuonerera mmene akuchitira. Alamu anga aja adachita chomwecho. Adagulitsa nkhuku ziwiri kuti awongoletse gudumu, nagulanso sipanala yawoyawo. Pamene ndinkatsazika adandiperekeza akukankha njingayo, ndipo sinkalira paliponse.

Sabata ya mawa tidzakambirana za kumata ndowa ndi mabeseni obooka, ndi kasamalidwe ka denga la malata mvula isanayambe. Tsalani bwino amayi anzanga, mupereke moni kwa onse kunyumba.