Nanga Chilango Chikachepa, Adandaule Ndani?



Malamulo oyendetsera dziko lino, mu gawo 42, amapatsa munthu aliyense amene wapezeka wolakwa ufulu wokadandaula ku bwalo lapamwamba. Ufulu umenewu ndi woyenera, ndipo sitikufuna kuti uchepetsedwe. Lamulo la kazengedwe ka milandu limanenanso kuti majisitireti akapereka chilango chopitirira malire ena, failo itumizidwe ku Bwalo Lalikulu kuti jaji akaiunike, ngakhale wolakwayo asanapemphe. Choncho chilango chikakula pali maso ochiyang'ana. Nanga chikachepa mopitirira muyeso?

Taganizirani za mayi amene watemedwa ndi chikwanje mpaka kulumala dzanja. M'bwalo iye ndi mboni chabe, pakuti mlandu ndi wa Boma. Womutemayo akalamulidwa kulipira faindi, kapena kukhala kundende miyezi yowerengeka, mayiyo alibe mphamvu yochita apilo. Mphamvu yodandaula m'malo mwake ili ndi Mkulu Woimira Boma pa Milandu, ndipo nalo Bwalo Lalikulu lingathe kuitanitsa failo palokha. Koma maofesi amenewa ali m'mizinda, pamene mlandu wazengedwa kutali, ndipo kawirikawiri woimira Boma amakhala wapolisi amene ali ndi milandu ina mulu. Failo imatsekedwa, mayiyo n'kubwerera kumudzi kumene posakhalitsa adzakumana ndi womutemayo pamsika. Achibale ake akaona zotere amaleka kudalira makhoti, ndipo tikudziwa tonse zimene khamu lokwiya limachita likagwira munthu.

Pa nkhanza zochitira abale athu achialubino, zinatengera kulira kwa dziko lonse kuti Nyumba ya Malamulo ikhwimitse zilango mu 2016. Ozunzidwa ena sangadikire mpaka dziko lonse liwalirire.

Kale milandu yakupha inkagamulidwa ndi gulu la anthu wamba lotchedwa jury, mpaka pamene Boma linaimitsa njira imeneyi chifukwa oganiziridwa ankakhalitsa pa limandi. Gulu lotere silifotokoza zifukwa za chigamulo chake. Likamasula mmodzi mwa anthu awiri amene umboni wawo ndi wofanana, n'kumanga mnzake, bwalo la apilo limasowa poyambira. Jaji kapena majisitireti amalemba zifukwa zake, choncho pamene walakwitsa pamaoneka. Koma zolembazo n'zopanda phindu ngati palibe woziwerenga.

N'chifukwa chake tikupempha Boma kuti wapolisi wozenga mlandu wa chiwawa azikakamizidwa kudziwitsa Mkulu Woimira Boma pa Milandu pamene chilango chaoneka chochepa, ndiponso kuti wozunzidwa aziuzidwa m'chinenero chake chimene bwalo lagamula ndi kumene angakadandaule. Inu a m'makomiti athu a chilungamo ndi mtendere, perekezani anthu otere kubwalo, lembani nambala ya mlandu ndi tsiku la chigamulo, ndipo athandizeni kulemba kalata yopempha kuti failo yawo iunikidwenso nthawi isanathe.