Msamariya Analonjeza Kubwerera

Mwezi wathawu tinaika m'manda amayi ena a mu mphakati wathu. Anagwa m'munda alikupalira, mbali imodzi ya thupi inafa, ndipo patapita masiku atatu anatisiya. Pamaliro panamveka manong'onong'o akuti analodzedwa. Koma m'cikwama cao munapezeka khadi la ku kiliniki. Anali ndi matenda othamanga magazi, aja timati BP, ndipo mankhwala anawaleka kalekale poona kuti thupi lapepuka.

Malungo tinawazolowera: munthu amamwa mankhwala masiku atatu nacira. Koma BP, shuga, mphumu ndi khunyu ndi alendo osatsazika. Munthu amakhala nao zaka zambiri, ndipo afunika womuyang'anira pafupi ndi kwao. Ndani angakwanitse kulipira basi mwezi ndi mwezi kupita ku cipatala cacikulu ku Chipata kapena ku Lusaka? Nyakwawa wa m'mudzi mwathu, ngakhale nkhalamba yoyendera ndodo, onse thandizo lao lili pa kiliniki ya pafupi, m'manja mwa namwino ndi clinical officer.

Tikumbukire za Edzi. M'zaka za m'ma 1990 magulu a m'maparishi osamalira odwala kunyumba anali kusambitsa anthu ongoyembekezera imfa. Boma litayamba kupereka ma ARV kwaulere mu 2005, madokotala anali ocepa. Motero anamwino ndi ma clinical officer anaphunzitsidwa kupereka mankhwalawo, kulemba odwala m'kaundula, ndi kulondola amene asowa pa tsiku lao. Lero ambiri amene tinawalira ali moyo, alikulera adzukulu.

Nzeru yomweyo ndiyo ifunika pa matenda enawa. Mu 2010 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, WHO, linatulutsa ndondomeko yochedwa PEN, yothandiza anchito a m'zipatala zazing'ono kusamalira matenda osapatsirana. Kumaphunziro otere amauzidwa zinthu zooneka zazing'ono koma zopulumutsa moyo. Wodwala ayambe wakhala pansi mphindi zisanu asanapimidwe. Cipimo cikafika 140 pa 90 kapena kupitirira, apimidwenso tsiku lina kuti atsimikize. Wa shuga avule nsapato, mapazi aonedwe, cifukwa kacilonda kosamveka kuwawa kangathe kudulitsa mwendo. Amaphunziranso kuzindikira wofunika kumutumiza msanga ku cipatala ca boma, ndi kukhala pansi pamodzi kuwerenga kaundula, kuti aone angati alikupeza bwino ndi angati asowa.

Nanga ife? Tikapeza mzere wautali pa kiliniki cifukwa namwino wapita kumaphunziro, timadandaula kuti wapita kukadya ndalama. Tisafulumire kuweruza. Khasu losanola lilemetsa mlimi. Koma tili ndi ufulu wofunsa, mwaulemu, kupyolera mu komiti ya zaumoyo ya m'dera lathu, kuti zimene anaphunzirazo zioneke, makina opimira akhale amoyo, ndipo mankhwala asamasowe.

Ifenso tili ndi mbali yathu, pakuti mutu umodzi susenza denga. Tisaleke mankhwala popanda kuuzidwa ndi a cipatala. Mcere ticepetse: munthu wamkulu asafike pa magalamu 5 pa tsiku, ndiye kasupuni kamodzi ka tiyi. M'miphakati tidziwane amene ali pa mankhwala, tiwakumbutse tsiku lao, ndipo wopanda womuperekeza timuperekeze.

Mu Mthenga Wabwino wa Luka, mutu 10, Msamariya uja sanangomanga mabala n'kupita. Anasiya wovulalayo m'manja mwa mwini nyumba ya alendo, anampatsa zofunika pa nchitoyo, nalonjeza kubwerera. Anamwino athu ndiwo eni nyumba ya alendo a masiku ano. Tiwapempherere, tiwalimbitse mtima, ndipo ifenso tizibwerera kwa odwala athu. Ambuye akudalitseni nonse.